Kalabu ya asilikali opuma ndi penshoni zochedwa

Achimwene, mwafunsa zimene kalabu yanu ya asilikali opuma ingachite pa nkhani ya penshoni zochedwa. Kalabu yanu isankhe komiti yaing'ono yoona za ufulu wa mamembala, ndipo madandaulo onse a penshoni zochedwazo apite ku boma m'kalata imodzi yosainidwa ndi wapampando, m'malo moti aliyense azikagogoda yekha ku ofesi. Zimene ndaona m'kalabu yathu n'zakuti fayilo imayenda msanga ikakhala ndi nambala ya usilikali, kalata yopumira ntchito, ndi masiku amene munthuyo analowa ndi kutuluka usilikali. Akazi amasiye, amene kawirikawiri ndiwo amaiwalika, awonjezerepo kalata ya ukwati ndi ya imfa ya amuna awo, ndipo komiti isunge makope a zonsezi.

Mwambo wa pa 11 Novembala, tsiku limene kumenyana kunaleka pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse mu 1918, ndi mpata wabwino woitanira phungu, koma chikalata cha madandaulo chija mumupatse mwaulemu mwambo ukatha, osati anthu ali chete kukumbukira anzawo. Ofesi ikakana pempho, funsani loya wodziwa malamulo a penshoni, ndipo membala amene akusowa tulo chifukwa cha zimene anaona kunkhondo mupite naye kwa dokotala.