Kwa achimwene amene angotuluka m'chipatala

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati patha masabata atatu chitulukireni m'chipatala mutayesa kudzipha, miyendo ikadali yolefuka, kukhosi kukuwawa, ndipo kunyumba anthu akukuyang'anani cham'mbali ngati mlendo. Mukufunsa ngati zimenezi zimatha. Ine ndinagonapo pa bedi ngati lomwelo, ku Kasungu konkuno, zaka zinayi zapitazo.

Chinandifikitsa pamenepo ndi ngongole za fodya. Feteleza wa ngongole, pamwamba pake katapila. Mabelo atagulitsidwa ku Chinkhoma ndalama yonse inathera kubweza, ine n'kutsala ndi pepala m'manja. Sindinauze munthu, ngakhale mayi a ana.

Nditatsitsimuka m'chipatala sindinathokoze Mulungu ayi. Ndinakwiya kuti ndikadali moyo, kenako manyazi anandigwira poona mayi anga atayala chitenje pansi pafupi ndi bedi, akudikirira. Ngati nanu zikukuchitikirani, simuli munthu woipa. Kwa ine mkwiyowo unayamba kuzirala patapita miyezi, osati masiku. Ndipo dziwani kuti miyezi yoyambirirayi ndi imene maganizo odzipha amakonda kubwerera, n'chifukwa chake sindikufuna muisenze nokha.

Za thupi, bwererani kuchipatala ndi buku lanu, musadikire tsiku limene anakulemberani. Adokotala muwauze zoona zenizeni za zimene zinachitika, chifukwa ngati munamwa mankhwala, ena amavulaza chiwindi ndi impso mwakachetechete, ena amabweretsa dzanzi ndi kufooka kwa miyendo patapita masabata. Pemphani akuyezeni magazi. Mukaona maso achita chikasu, mkodzo wachepa, mukubanika kapena kusanza magazi, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale pa kabaza usiku. Ine nsima inkandikanika kumeza, ndinakhalira phala ndi nthochi kwa kanthawi. Khasu ndinaligwira mochedwa, ndipo zinkandiwawa kuona ana akupalira m'malo mwanga.

Mukafika pa chipatala cha boma cha Kasungu, funsani anamwino oona za matenda a maganizo. Si za anthu ovula okha monga timanenera kumudzi. Ngati mungathe kuyenda, a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo ntchito yawo ndi yomweyi. Akakupatsani mankhwala ochepetsa kukhumudwa, monga fluoxetine, musayembekezere kusintha mawa. Amatenga masabata awiri mpaka asanu ndi limodzi kuti muyambe kumva kupepuka. Ine ndinasiya pa sabata yachiwiri ndikuti ngachabe, anamwino n'kundikalipira mwachikondi, ndinayambiranso.

Chimene ndinkadana nacho koma chinandisunga ndi ichi: amalume anabwera n'kutenga mankhwala onse a kumunda ndi a m'nkhokwe, kukatsekera kwawo. Mapiritsi anga ankasunga mayi a ana, n'kumandipatsa a tsiku limenelo basi. Ndinkaona ngati andisandutsa mwana. Koma maganizo odzipha amabwera ngati mvula yamkuntho, nthawi zambiri amakalipa kwa kanthawi kenako amadutsa, ndiye nthawi imeneyo ikupezeni mulibe kanthu pafupi. Mowa uthaweni, makamaka kachasu. Umagonetsa, koma ukadzuka mdima umakhala wawirikiza.

Pakamwa pa anthu simungatseke. Ena anati ndalodzedwa, ena anati ndimafuna kuopseza ondikongoza, wina pa maliro anandiuza kuti mwamuna salira. Mawu amenewo akwiriritsa amuna ambiri kuno. Simukuyenera kufotokozera mudzi wonse. Ine ndinkangoti "ndinadwala, ndikulandira chithandizo," n'kupitirira. Koma pezani munthu mmodzi woti adziwe zonse, kuphatikizapo chimene chinakufikitsani pamenepo. Tsiku limene ndinayala mapepala a ngongole pa mphasa pamaso pa mayi a ana ndi amalume, ngongoleyo sinachepe ngakhale tambala, koma tinayamba kuiwerengera anthu atatu. Tinagulitsa mbuzi, chaka chotsatira tinalima soya ndi mtedza.

Apabanja anu akungoti zii chifukwa cha mantha, sakudziwa poyambira. Mwana wanga wamkulu anatha mwezi osandiyang'ana kumaso. Mapemphero ndi abwino, ine ndinabwerera ku kwaya, koma asalowe m'malo mwa chipatala.

Masiku olemera amabwerabe kwa ine, makamaka nyengo ya msika wa fodya, koma sakhalitsa ngati kale. Lero lomwe lembani pa pepala manambala a anthu awiri oti muwaimbire ngakhale 2 koloko usiku. Maganizo aja akabwera usiku uno, dzutsani amene muli naye m'nyumba, mumuuze mosabisa, akuperekezeni kuchipatala. Ndiyankheni pansipa, achimwene: kunyumbako mukugona ndi ndani?