Mwana wanga amachezera kuwerenga koma magiredi akutsika

Mayi wina watilembera kuti: "Mwana wanga wamkazi wa zaka 16 akukonzekera mayeso. Amawerenga mpaka 2 koloko usiku, uku akumwa khofi kuti tulo tisamugwire. M'mawa kumudzutsa ndi nkhondo, ndipo aphunzitsi akuti amasinza m'kalasi. Magiredi akungotsika. Kodi ndi ulesi?"

Mayi, mwana amene amakhalira buku mpaka 2 koloko si waulesi ayi. Khama ali nalo, koma akutungira madzi m'dengu. Zimene munthu waphunzira masana sizikhazikika m'mutu nthawi yomweyo. Zimayamba zasungidwa m'kachigawo ka ubongo kotchedwa hippocampus, ndipo munthu akagona, ubongo umazibwereza n'kuzikhazika pamene zingakhalitse. Tulo timayenda m'magawo, ndipo kuzungulira kamodzi kumatenga pafupifupi mphindi 90. Tulo tofa nato timachuluka kumayambiriro, pomwe tulo ta maloto, tomwe akatswiri amatitcha REM, timachuluka chakum'bandakucha. Mwana wogona 2 koloko n'kudzuka 6 koloko amaduliridwa panjira, ntchitoyo isanathe. Ndiye amalowa m'kalasi maso ali psuu, zadzulo zitauluka, zalero sizikulowa.

Bungwe la akatswiri a za tulo la ku America, lotchedwa American Academy of Sleep Medicine, limalangiza kuti achinyamata a zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10. Wanuyo akugona mwina theka lake.

Pali chinanso chimene makolo ambiri amachiona ngati mwano. Thupi lili ndi wotchi yake imene imazungulira pa maola pafupifupi 24, ndipo imayendera kuwala kolowa m'maso. Kukada, ubongo umatulutsa timadzi totchedwa melatonin, tomwe timauza thupi kuti usiku wakwana. Mwana akatha msinkhu, melatonin amayamba kutuluka mochedwerapo, mwina ndi ola limodzi kapena awiri. N'chifukwa chake 9 koloko usiku mumamupeza maso ali gwa, koma m'mawa ali thapsa ngati wakomoka. Mukamukalipira, mukukalipira thupi limene likungochita za msinkhu wake. Kenako khofi ndi kuwala kwa foni zimabwera kudzaikankhira wotchiyo kutsogolo. Khofi amachedwa kutha m'magazi: pakatha maola pafupifupi 5, theka la mphamvu yake limakhala likadalipo.

Ine ndingayambire pa nthawi yodzuka, chifukwa tulo sitikakamizika koma kudzuka kumatheka. Gwirizanani ola limodzi loti azidzuka tsiku lililonse, ngakhale Loweruka ndi Lamlungu asamapitirire kwambiri. Akadzuka atsegule makatani kapena atuluke panja aone dzuwa, poti kuwala kwa m'mawa ndi kumene kumabweza wotchi ija m'mbuyo. Nthawi yogona muziisendeza pang'onopang'ono, mphindi 15 kapena 30 pakapita masiku angapo. Mukangoti lero ugone 9 koloko, adzangogona chagada n'kumayang'ana kudenga. Khofi alekeze masana asanapendeke. Foni izigona kunja kwa chipinda, ndipo apa, mayi, zimayenda bwino inunso mukamachita chimodzimodzi iye akuona. Akatopa masana atha kugonako mphindi 20, osapitirira.

Adzakuuzani kuti nthawi yowerenga imuchepera. Mumvetseni, mantha a mayeso si nkhani yamasewera. Koma maola awiri a madzulo, atatseka buku n'kumadzifunsa mafunso kapena kuyankha mapepala a mayeso akale, amamupindulira kuposa maola anayi a pakati pa usiku pamene akubwereza mzere umodzimodzi mutu ukugwa. Usiku woti mawa ndi mayeso, chonde agone mokwanira.

Nthawi zina vuto limaposa apa. Pitani naye kuchipatala ngati akulephera kugona mausiku atatu kapena kuposerapo pa sabata kwa miyezi itatu ngakhale akupita kukagona nthawi yabwino, ngati amaliza mkonono kwambiri n'kumaoneka ngati mpweya ukuduka, kapena ngati tulo timamugwira mwadzidzidzi masana atagona mokwanira usiku. Onaninso ngati wayamba kudzipatula, kulira pafupipafupi kapena kusiya zimene ankakonda, chifukwa nkhawa ndi matenda okhumudwa nthawi zambiri zimayamba kuonekera pa tulo. Mapiritsi ogonetsa musamupatse popanda dokotala.