Kwa adzukulu anga awiri amene akukangana za Mulungu

Mwandibweretsera mlandu umodzi, koma aliyense akufuna ndigamule mokomera iye. Iwe mnyamata wa ku Mzuni wati sukhulupiriranso kuti kuli Mulungu, ndipo chipembedzo ndi mantha chabe amene makolo amapatsira ana. Iwe mlongo wake, wa kwaya ku Chibavi, wati kusakhulupirirako nakonso n'chipembedzo, mchimwene wako akungodzinamiza, ndipo wasiya kudya naye pamodzi. Azakhali anu nawo alemba pa WhatsApp ya banja kuti mwanayu walowa zausatana.

Ndiyambe ndaima poyera. Ine ndine wa CCAP, Sinodi ya Livingstonia, ndimapemphera m'mawa ndi madzulo, ndipo ndidzafa ndikupemphera. Usayembekeze kuti ndikuombera m'manja, mnyamata iwe. Koma nawenso mtsikana usafulumire kumwetulira.

Mukulimbirana kuti chipembedzo n'chiyani, ngati yankho lake n'lapafupi. Taganizani za vimbuza kuno kwathu kumpoto. Mayi wadwala, thupi lalemera, kuchipatala sakupeza kanthu. Abale amutengera kwa nchimi, sing'anga wa mizimu, ng'oma zilira usiku wonse, mizimu itchulidwa maina ake, iye avina mpaka agwe. Lamulungu lotsatira mayi yemweyo ali kutsogolo m'tchalitchi atavala za Umanyano, gulu la amayi a mpingo. Amishoni ankati zimenezo n'zachikunja. A UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, mu 2005 anati ndi chuma cha chikhalidwe choyenera kusungidwa. Wodwalayo mukamufunsa angoti ndi mankhwala. Ndani mwa atatuwa wanama? Kutali ku Asia kuli Abuda, ali ndi akachisi, amonke ndi masiku opatulika, koma chiphunzitso chawo sichiyambira pa Mulungu wolenga. Ukati chipembedzo ndi kuopa Mulungu basi, amenewa uwaika kuti? Nawe mtsikana, ukati chilichonse chimene munthu waikapo mtima wake wonse n'chipembedzo, ndiye kuti ochemerera Moyale pa Mzuzu Stadium nawonso ndi mpingo. Mchimwene wako alibe pemphero, alibe nsembe, alibe tsiku lopatulika. Akati alibe chipembedzo, mumve monga wanenera. Kumuumiriza dzina limene iye walikana sikumubweza kwa Mulungu, kumangomuonetsa kuti sukumvetsera.

Chimene chimandiopsa ine pa mkangano uwu si matanthauzo ayi. Ndi zimene zimachitikira munthu anzake akagamula kuti chikhulupiriro chake sichiwerengedwa. Inu munali musanabadwe mu 1967 pamene boma linaletsa Mboni za Yehova. Mlandu wawo waukulu unali kukana kugula khadi lachipani. Nyumba zawo zinatenthedwa, anachotsedwa ntchito, anamenyedwa, ndipo mu 1972 ambiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Amene ankawamenya sanali anthu ochokera kunja. Anali anansi awo, ndipo ambiri a iwo Lamulungu ankaimba nyimbo m'tchalitchi. Posachedwapa ana a Arasta ankabwezedwa pakhomo la sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo, mpaka khoti lalikulu ku Zomba linagamula mu 2023 kuti alandiridwe. Anawo anataya zaka za maphunziro chifukwa ena anaona kuti tsitsi lotere silingakhale nkhani ya chipembedzo.

N'chifukwa chake gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino, amene analembedwa mu 1994, limateteza ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo, chikhulupiriro ndi maganizo, zonse pamodzi. Lamulo limene limakulola iwe kuimba kwaya ndi lomwelo limene limalola mchimwene wako kukhala kunyumba. Ndipo sali yekha. Pa kalembera wa 2018, anthu pafupifupi awiri mwa 100 alionse ananena kuti alibe chipembedzo, kutanthauza Amalawi oposa 300,000. Onsewo ali ndi amayi awo.

Mawu a azakhali anu aja ndiwakana, ndipo ndikawauza ndekha. Mawu akuti wasatana ndi akuti mfiti amayaka ngati moto wa m'tchire mu Okutobala, woyatsayo sangathe kuuzimitsa. Ife okalamba timadziwa bwino, chifukwa ndife amene timaponyedwa miyala mwana akamwalira mwadzidzidzi m'mudzi. Mtsikana iwe, dziwa ichi: pamene agogo ena anali m'ndende pa milandu ya ufiti, amene anayenda m'ndendemo kuwamenyera nkhondo kuti atuluke anali George Thindwa ndi bungwe lake la Association for Secular Humanism, anthu osapemphera. Ambiri a ife opemphera tinali chete. Munthu wosakhulupirira angathe kukhala ndi chifundo chenicheni, ndipo zimenezo uzivomereze popanda kuwonjezapo "koma".

Tsopano iwe mnyamata. Wati chipembedzo ndi mantha. Pa 8 Marichi 1992 mabishopu a Katolika anawerengetsa kalata m'matchalitchi awo onse, yonena poyera za kumangidwa popanda mlandu ndi kutsekedwa pakamwa kwa anthu, nthawi imene kungong'ung'udza za boma kunkasowetsa munthu. Monsinyo John Roche, amene ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu yomwe ino, anathamangitsidwa m'dziko chifukwa cha kalatayo. Anthu amantha sachita zotere. Ufulu umene ukuyankhulira lero unagulidwanso ndi anthu ogwada. Chipatala cha Ekwendeni, cha Embangweni, cha St John's muno mutauni, anazimanga ndi anthu a chikhulupiriro. Unganene kuti analakwitsa pa za kumwamba, umenewo ndi ufulu wako, koma usamatche mlongo wako mbuli. Sukulu imene yakupatsa mafunsowo inafika kuno kumpoto kudzera ku Bandawe ndi ku Khondowe, m'manja mwa Robert Laws ndi aphunzitsi akuda amene ankayamba tsiku ndi pemphero.

Mafunso ako ena ndi olemera, sindikuwapeputsa. Wafunsa kuti Mulungu wachikondi amaloleranji khanda kufa ndi malungo. Funso limenelo lili m'Baibulo momwemo. Yobu analifunsa mofuula, ndipo pamapeto amene Mulungu anawadzudzula anali anzake atatu aja, a mayankho okonzeratu. Ndiye mtsikana, mchimwene wako akafunsa zotere usamuponyere vesi kuti atseke pakamwa. Khala naye pa funsolo. Chikhulupiriro chimene chimagwa chifukwa cha funso la mwana wa ku yunivesite chinali chodwala kale.

Za khalidwe ndiye zosavuta, ndipo pamenepa sindikupempha, ndikulamula monga gogo wanu. Pakhomo akamapempherera chakudya, iwe mnyamata vula chipewa, ika foni pansi, khala chete mpaka amalize. Palibe akukukakamiza kunena ameni, ndipo ndi bwino usanene mawu amene mtima wako ukuwakana. Koma kuseka kapena kuyamba kudya ena ali chitseka maso ndi mwano, ndipo mwano si nzeru. Maliro akagwa ku Mchengautuwa kapena kumudzi, upite, ugone panja ndi amuna anzako ngakhale kuzizire bwanji, utole nkhuni, upereke chipepeso, unyamule nawo bokosi. Abusa akamalalikira za kuuka kwa akufa, si nthawi yoti unong'oneze mnzako kuti zimenezo n'zabodza. Namfedwa akugwira mawu amenewo kuti aimirire.

Iwe mtsikana, bwerera pa mbale. Usamutchule dala kuti apemphere pagulu pofuna kumuchititsa manyazi, ndipo usapereke dzina lake kwa anzako a kumapemphero a usiku ngati munthu wogwidwa ziwanda. Ukafuna kumupempherera, tseka chitseko upemphere. Kukangana kanganani ndithu, ine sindiletsa, koma muli awiri, nkhope ndi nkhope, osati pa foni pamene abale onse akuonerera.

Chatsala ndi amayi anu. Nkhaniyi aimvera kwa anthu, ndipo n'chimene chawapweteka kwambiri. Mnyamata iwe, upite wekha Loweruka lino, ukhale pansi, uwauze ndi pakamwa pako zimene ukukhulupirira ndi zimene wasiya. Uwauzenso kuti kumaliro, kumatenda ndi kumunda udzapezekako monga kale. Akalira, tsiku limenelo usawatsutse.