Kodi dzina loti Viet Cong linachokera kuti?

Pali m'bale wina wanditumizira imelo, akuti wakhala akuonera mafilimu a nkhondo ya ku Vietnam kuyambira ali mwana m'mavidiyo a pamsika, ndiye akufuna adziwe ngati Viet Cong ndi mtundu wa anthu, komanso Charlie amene asilikali a ku America amangomutchulatchula uja ndi ndani kwenikweni.

Achimwene, si mtundu ayi. Ndi chidule cha mawu a chinenero chawo, Việt Nam cộng sản, kutanthauza makomyunisti a ku Vietnam, basi. Koma eni akewo sankadzitchula choncho, dzinali anawapatsa ndi adani awo.

Mu 1941 Ho Chi Minh anayambitsa gulu lomenyera ufulu lotchedwa Viet Minh, ndipo ndi amenewa anathambitsa asilikali a France ku Dien Bien Phu mu 1954. Dziko linagawidwa pawiri, kumpoto kuli Ho, kummwera kuli Ngo Dinh Diem yemwe ankadalira America. Tsono mutu unkamuwawa Diem chifukwa dzina loti Viet Minh linali ndi ulemu wake kumidzi, anthu akalimva ankakumbuka anyamata amene anathamangitsa atsamunda, nanga ungawauze bwanji anthu kuti adane nawo iwe ukuwatchulabe dzina lawo laulemulo? Ndiye cha mu 1956 manyuzipepala a ku Saigon, likulu la kummwera, anayamba kulemba kuti Viet Cong, kuti za ufuluzo ziiwalike, patsale chikomyunisti chokha. Ifenso izi si zachilendo, nthawi ya Kamuzu ukangotsutsa boma unali chigawenga, nkhani yathera pompo.

A Viet Cong aja mu December 1960 anakhazikitsa gulu lawo kummwera lotchedwa National Liberation Front, ndipo ankati ndi asilikali omasula dziko. Si onse anali makomyunisti enieni, ena anali alimi chabe otopa ndi nkhanza za Diem, koma tisanamizane, chiwongolero chinali ku Hanoi, likulu la kumpoto kwa Ho kuja.

Za Charlie ndiye nzosavuta. Asilikali a ku America anadula dzina lija kukhala VC, ndipo polankhula pa wailesi zawo chilembo chilichonse chili ndi liwu lake kuti chimveke bwino ngakhale mfuti zikulira, V ndi Victor, C ndi Charlie. Victor Charlie anawatalikira, Victor uja anagwera panjira, kutsala Charlie yekha. Ndiye mukamva msilikali mufilimu akunong'oneza mnzake kuti Charlie ali pafupi, sakunena munthu mmodzi, akunena gulu lonse lobisala m'tchire ndi m'mauna a pansi ngati a ku Cu Chi aja, pafupi ndi Saigon.