Mafunso ndi Mayankho: Kulemba Nthano ya Chikondi ya pa Khirisimasi

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za mabuku a nthano za chikondi zochitika m'nyengo ya zikondwerero. Tasankhapo asanu, ndipo oyankha ndi akonzi a mabuku a tsamba lino.

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndimakonda timabuku tachikondi ta Chingerezi timene timapezeka kwa ogulitsa mabuku akale mumsika wa Zomba, makamaka tonena za Khirisimasi. Ndikufuna kulemba langa m'Chichewa. Kodi buku lotere limamangidwa bwanji? Mayi wa ku Matawale.

YANKHO: Mayi, wogula buku lamtunduwu amakhala atalonjezedwa zinthu ziwiri. Choyamba, msana wa nkhani ndi anthu awiri ndi chikondi chawo. Maliro, mlandu wa munda kapena kutha kwa ntchito zimalowamo pokhapokha ngati zikuwayandikizitsa kapena kuwatalikitsa awiriwo. Chachiwiri, nkhani imatha bwino. Kampani ya Mills & Boon ya ku Britain, imene inayamba mu 1908, yakhala ikugulitsa mabuku potsata malonjezo awiriwa, ndipo timabuku take tambiri timakhala ndi mawu pafupifupi 50,000. Mukamupha mnyamatayo pa tsamba lomaliza, mwalemba buku lina, mwinanso labwino, koma si limene wowerenga anagula.

Khirisimasi imakupatsani zida ziwiri zaulere. Imathinitsa nthawi: mtsikana watsika basi kuchokera ku Lilongwe pa 18 Disembala, ndipo pa 2 Januwale akuyenera kukhala ali ku ofesi. Imasonkhanitsanso anthu amene chaka chonse amakhala obalalika, azakhali, amalume, asuweni, onse pabwalo limodzi, aliyense ndi maganizo ake pa za umbeta wa mtsikanayo.

Kwa woyamba kumene, mitu 12 ya mawu pafupifupi 2,000 uliwonse ndi yokwanira. M'mitu iwiri yoyamba tiwaone onse awiri, tidziwe chimene aliyense akusowa, ndipo akumane mutu wachiwiri usanathe. Mutu wachitatu uwamangirire pa ntchito imodzi imene sangaithawe, monga kukonzetsa sewero la ana la kubadwa kwa Yesu. Kuyambira mutu 4 mpaka 6 azolowerane, ndipo pakati pa buku mmodzi aulule zakukhosi, ngakhale mwatheka. Mitu 7, 8 ndi 9 ndi ya chopinga chimene chikukulirakulira mpaka asiyane. Pampondachimera, m'mutu 10, paikeni pa tsiku lenileni la chikondwerero, pamene aliyense akusangalala kupatula awiriwa. Mutu 11 wina apange chiganizo chomutayitsa kanthu, ndipo mutu 12 ufike usiku wa pa 31.

Olemba ambiri amagwa poyambira. Amathera mitu itatu akulongosola kumene mpangankhani anabadwira ndi sukulu zimene anaphunzira, wokondedwa wake asanaoneke n'komwe. Mbiri iziperekedwa pang'onopang'ono, pamene yafunika. Kwina kumene amagwa ndi kumapeto: anthu amene anakumana masabata awiri apitawo sangakhale ali pa ukwati wa tchalitchi pa 1 Januwale, ndipo Mmalawi aliyense adziwa kuti ankhoswe sayenda mwa liwiro lotero. Mwina akhale anthu amene ankadziwana kale, kapena buku lithere pamene mnyamata wanena kuti akukaonana ndi amalume ake.

FUNSO: Mabuku ndi mafilimu a Khirisimasi amene ndaona onse ali ndi chipale chofewa, mitengo yokongoletsedwa ndi anthu akuotha moto m'nyumba. Kuno zimenezi kulibe. Kodi nkhani yanga idzamveka ngati ya Khirisimasi? Mphunzitsi wa ku Domasi.

YANKHO: Aphunzitsi, yambani mwafunsa kuti chipale chofewacho chimagwira ntchito yanji m'mabuku amenewo. Si chokongoletsa chabe ayi. Chimatseka misewu kuti anthu awiri amene akanalekana atsekeredwe malo amodzi. Ntchito imeneyo kuno imagwiridwa ndi mvula, ndipo ya Disembala ku Zomba siichita manyazi. Awiriwo angausire mvula pakhonde la golosale ku Chinamwali kwa ola lathunthu. Likangala angadzaze, wina n'kulephera kuwoloka kubwerera kwawo. Minibasi yochokera ku Limbe ingafere pa Thondwe madzulo, kapena galimoto ingatitimire m'matope pa msewu wa ku Kachulu. Magetsi akazima pakati pa kuyeserera kwa kwaya, nawonso akuthandizani.

Tsono dzazani masamba ndi Disembala weniweni. Chimanga chili m'mawondo, anthu akulawirira kukapalira, ndipo pakhomo pali mkangano ngati ndalama yomaliza ipite ku thumba la feteleza kapena ku zovala za ana. Mango ali mbwee, ngumbi zikutuluka mvula ikakata, bowa ali m'mabeseni m'mbali mwa msewu. Phiri la Zomba limakhala litafunda mtambo m'mawa, moti amene wakwera kupita ku Ku Chawe kapena ku damu la Mulunguzi amafuna juzi pamene m'tauni anthu akutuluka thukuta. Telala wa pakhonde walandira nsalu zoposa zimene angasoke, ndipo pa 24 madzulo makasitomala amuzungulira. Kuchigayo kuli mzere. Nkhuku yamangidwa mwendo kuseri kwa khitchini, mpunga wa ku dambo la Chilwa ukupetedwa, thobwa lili m'ndowa, ndipo kireti ya Fanta yabisidwa kuchipinda kwa agogo. Akatolika ali ndi Misa ya usiku, mipingo ina ili ndi mapemphero ochezera pa 31. Chilichonse mwa izi ndi malo oti anthu awiri akumanirepo, akanganirepo kapena athandizanepo. Telala yekhayo angathe kukhala mwini nkhani.

Pali mbali ina imene mabuku akunja alibe koma ife tili nayo: chisangalalo cha Disembala chimadyedwa diso lili pa Januwale, mwezi wa fizi ndi nkhokwe zopepuka. Mwamuna amene wagulira ana a mlongo wake nsapato akudziwa kuti iye adzayenda pansi mpaka malipiro ena, watiuza zambiri za mtima wake kuposa ndime zitatu zomutamanda.

Chenjerani ndi kusokoneza nyengo, chifukwa owerenga a kumudzi sakhululuka pamenepa. Mu Disembala mulibe kukolola chimanga, mulibe kutentha tchire kapena kukumba mbewa, ndipo chiperoni ndi cha miyezi yozizira, cha m'ma Juni ndi Julaye. Mtengo wa pulasitiki wa nyali zothwanima ungapezeke m'sitolo ya m'tauni kapena m'nyumba ya bwana, koma mukauimika m'nyumba ya agogo ku Jali, mutiuze amene anabwera nawo ndi zimene agogowo ananena atauona.

FUNSO: Achimwene ndi achemwali a tsamba lino, ndinalemba nthano yanga koma anzanga akuti ilibe mchere. Nditawonjezeramo ngozi ya galimoto ndi mayi wopeza wa ufiti, akutinso sikukoma. Ndilakwa pati? Wophunzira wokhala ku Chikanda.

YANKHO: Achimwene, poyamba nkhani inalibe chopinga, kenako mwaikamo chopinga chosachokera mwa anthu anuwo. Ngozi ingagwere aliyense, motero sitiuza kanthu za iwo. Ufiti ndi chiphe zimasamutsa mtima wa wowerenga kuchoka pa chikondi kupita pa mantha, ndipo buku lofuna kusangalatsa mtima silibwereranso mwakale.

Chopinga chabwino chimakhala pawiri, china chakunja, china chamumtima, ndipo ziwirizo zilumikizane. Tiyerekeze: mnyamata wabwera kuchokera ku Johannesburg patatha zaka zinayi. Abale akuyembekeza katundu, koma ntchito inatha kalekale ndipo sutikesi yaikulu imene wanyamula ndi yobwereka. Chakunja ndi umphawi, chamumtima ndi manyazi amene akumunamitsa. Mtsikana ndi msungichuma wa banki m'khonde, gulu likugawana ndalama mwezi womwewo, ndipo iye anasiyidwapo kale ndi mwamuna wabodza. Apa simufunikanso mfiti. Bodza limodzi la mnyamatayo likwanira kugwetsa zonse pa 25.

Kuno kwathu zopinga zotere n'zosasowa. M'midzi yambiri ya Zomba mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndiye mnyamata wa ntchito ku Blantyre ndi mtsikana amene akusunga munda ndi agogo ake ali kale ndi funso lovuta la kumene adzakhale. Bambo wofedwa amene mwana wake sakufuna mayi wina, kapena awiri osiyana mipingo, nazonso zimanyamula buku lonse.

Chopinga chanu chiyeseni motere: ngati foni imodzi ya mphindi ziwiri ingachithetse, n'chopepuka. Mtsikana kuona mnyamata ali ndi mkazi wina amene pambuyo pake apezeka kuti ndi mlongo wake, imeneyo ndi njira yotopetsa, ndipo ku Zomba, kumene anthu amadziwana mpaka agogo, siikhulupirika. Mathero nawonso asagwe kuchokera kumwamba. Amalume olemera otulukira mu mutu womaliza ndi envulopu amalanda ampangankhani ntchito yawo. Mnyamata uja aime yekha pamaso pa abale n'kunena zoona.

Kusangalatsa mtima kumene mukufuna kumachokera m'zochita zing'onozing'ono zooneka ndi maso: kukonza denga lodontha la mayi ake a mtsikana mvula isanabwerenso, kusunga chiwindi cha nkhuku chifukwa anamva kamodzi kuti amachikonda. Anthu otchulidwa maina asapose 6 kapena 7. Mwana mmodzi ndi gogo mmodzi amakometsa nkhani, koma mwana wolankhula nzeru za munthu wa zaka 40 amaiwononga.

FUNSO: Ine ndine Msilamu. Kodi nthano yotere ingachitike pa Eid? Komanso zachikondi ndingazilembe mpaka pati? Mlongo wanu wa ku Songani.

YANKHO: Ingachitike bwino kwambiri, achemwali. Ramadan ili ndi masiku owerengeka, mabanja amasonkhana madzulo pomasula, ndipo Eid ndi pampondachimera pokonzeka kale. Kumbukirani kokha kuti Eid imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, choncho sankhani chaka cha nkhani yanu kuti mudziwe ngati kunja kuli mvula kapena fumbi.

Za kuchipinda, buku lamtunduwu limagulidwa ngati mphatso ndipo limagona pa tebulo pamene apongozi ndi ana angalitsegule. Tsekani chitseko, wowerenga amvetsa. Mphamvu ikhale m'kalankhulidwe. Awiriwo ayambe ndi "inu", "achimwene", "amake Chikondi", ndipo tsiku limene mmodzi adzanene "iwe" koyamba lisungidwe mpaka pakati pa buku kapena kupitirira. Mukawayambitsa ndi "iwe" pa tsamba loyamba mwataya chida chimene olemba a Chingerezi alibe. Zokambirana muziwerenge mokweza. Chiganizo chimene simungauze munthu pamaso osaseka, chichotseni.

FUNSO: Ndikufuna buku langa lidzakhale pamsika Khirisimasi ikubwerayi. Ndiyambe liti, ndipo kusindikiza kumafuna chiyani? Bambo wa ku Sadzi.

YANKHO: Bambo, werengani chobwerera m'mbuyo. Buku la Khirisimasi limagulidwa kuyambira mu Novembala, ndipo likafika pa 20 Disembala lachedwa, chifukwa ndalama za anthu zapita kale ku mpunga ndi zovala. Likatsala, lidikira chaka chamawa m'katoni.

Mawu 24,000 pa mawu 500 patsiku ndi masiku 48 olemba, ndiye mukayamba mu Malichi, pofika kumapeto kwa Meyi mwamaliza ngakhale mutadumpha masiku ena. Liikeni padera mwezi wathunthu, mulembenso mu Julaye, ndipo mu Ogasiti mulipereke kwa owerenga atatu amene si abale anu. Musawafunse ngati lakoma. Afunseni tsamba limene anayamba kutopa ndi pamene analeka kumukhulupirira mpangankhani. Seputembala ndi wa mkonzi wa chiyankhulo. Kalembedwe kakhale kamodzi buku lonse, osati "Khirisimasi" pano "Khrisimasi" apo; pa malamulo a kalembedwe ka Chichewa, a Centre for Language Studies a University of Malawi ali konkuno ku Zomba. Okutobala asiyireni osindikiza.

Pa pepala la A5, lomwe ndi theka la A4, mawu 24,000 a Chichewa amadzaza masamba pafupifupi 100 mpaka 110, malinga ndi kukula kwa zilembo. Buku la masamba otero silimangika bwino ndi mawaya apakati, limayasama. Uzani osindikiza kuti alimate ndi guluu kumsana. Mkati mukhale pepala la 80gsm (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala), chikuto cha 250gsm chokutidwa ndi pulasitiki wopyapyala, poti buku logulitsidwa m'dzinja limakumana ndi chinyezi. Musalole kuti asindikize onse musanaone limodzi lachitsanzo, ndipo pa limenelo yang'anitsitsani chilembo cha ŵ ngati mwachigwiritsa ntchito, chifukwa zilembo zina za pa kompyuta zimachisandutsa kabokosi. Onaninso ngati mawu sakulowa kumsana kumene kwamatidwa.

Nambala yozindikiritsa buku ya ISBN imatengedwa ku National Archives, malo osungira zolembedwa za dziko amene ali mumzinda mwathu muno wa Zomba, za umwini wa ntchito yanu funsani a bungwe loteteza ntchito za aluso la COSOMA, ndipo lamulo limafuna kuti buku losindikizidwa m'dziko muno liperekedweko ku National Archives komweko. Poyamba sindikizani ochepa, 100 kapena 200. Mtengo wa limodzi umakwererapo, koma kuwonjezera ena mu Novembala n'kosavuta kusiyana ndi kusunga makatoni osagulidwa m'nyumba yodontha.