Firewall yanu ya OpenBSD 7.4: zigamba zonse muziike, koma yambani ndi nambala imeneyo

Achimwene, mwachita bwino kufunsa pagulu pano m'malo mongokhala nazo mumtima. Ndibwereze pang'ono zomwe mwanena kuti obwera m'mbuyo atitsatire. Ku ofesi kwanu kuli kakompyuta kogwira ntchito ya firewall, mlonda wa pakati pa netiweki ya ofesi ndi intaneti, kali ndi OpenBSD 7.4, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyutayo, ndipo anakakonza ndi mnzanu amene anasiya ntchito. Mwalemba syspatch -c, lamulo loonetsa zigamba (zokonza zolakwika za m'mapulogalamu) zomwe sizinaikidwe, sinakuonetseni kanthu. Mwaonanso kuti patsamba la errata, pomwe a OpenBSD amalengeza zigamba zawo, zigamba zina amazilemba SECURITY FIX, zina RELIABILITY FIX, ndiye mukufunsa ngati zachiwirizi mungamazidumphe, poti makinawo sanakuvutitsenipo ndipo mukuopa kuononga chinthu choyenda bwino.

Musazidumphe, ndipo chifukwa chake ndifotokoza. Koma chimene chandidetsa nkhawa kwambiri mu uthenga wanu ndi nambala ija, 7.4.

OpenBSD imatulutsa mtundu watsopano kawiri pachaka, cha mu Epulo ndi cha mu Okutobala, ndipo zigamba amapangira mitundu iwiri yokha yomalizira kutuluka. Mtundu uliwonse umasamalidwa pafupifupi chaka chimodzi basi. 7.4 inatuluka mu Okutobala 2023, 7.5 mu Epulo 2024, ndipo tsiku lomwe 7.6 inatuluka mu Okutobala 2024, yanuyo anaisiya. Ndiye syspatch -c ikakhala chete pa makina anu, ikungokuuzani kuti zigamba zomwe zinapangidwa 7.4 isanasiyidwe zinaikidwa kale, mwina ndi mnzanu uja. Zolakwika zonse zomwe zapezeka kuyambira nthawi imeneyo zikadali m'makina anu, ndipo palibe amene akuzikonzera 7.4. Ichi n'chimene chimapusitsa anthu ambiri: makina osamalidwa bwino ndi makina otayidwa, onse amayankha mofanana, ziii.

Tsopano za mitundu iwiri ya zigamba. Akalemba SECURITY FIX ndiye kuti cholakwikacho munthu wachiwembu angalowere napo, angawerenge zomwe sayenera kuwerenga, kapena angadzikweze kukhala root, akaunti yolamulira makina onse. Akalemba RELIABILITY FIX ndiye kuti, mmene akuonera a OpenBSD panthawiyo, cholakwikacho chimangogwetsa kernel (mtima wa OpenBSD, womwe umayendetsa makina onse), kuimitsa pulogalamu, kudya memory mpaka kutha, kapena kuchititsa makina kuchita zosayenera. Mawu akuti "mmene akuonera panthawiyo" muwagwire bwino, chifukwa pali nkhani yeniyeni pamenepa.

Mu 2007 akatswiri a kampani ya Core Security anapeza cholakwika m'mene kernel ya OpenBSD inkalandirira mapaketi (timitolo ta uthenga wa pa netiweki) a mtundu wa IPv6 odulidwa zidutswa. Anthu a OpenBSD anachikonza msanga, koma chigambacho anachilemba kuti n'cha reliability, poganiza kuti choipa kwambiri chomwe chingachitike ndi makina kugwa. A Core sanakhutire. Anabwerera kukagwira ntchito, n'kubwera ndi umboni woti ndi mapaketi omwewo munthu amene ali pa netiweki imodzi ndi makinawo akhoza kuyendetsa zofuna zake mkati mwenimweni mwa kernel. Mu Malichi chaka chomwecho chigamba chija chinasinthidwa dzina n'kukhala cha security. Mawu otchuka aja ali patsamba loyamba la OpenBSD, onena za mabowo olowera patali omwe apezekapo pa makina ongoikidwa kumene, anasintha kuchoka pa bowo limodzi kufika pa awiri chifukwa cha nkhani imeneyi. Loyamba linali la OpenSSH, pulogalamu yolowera m'makina muli patali, mu 2002. Taganizani za munthu amene m'masiku amenewo anaona mawu akuti reliability n'kunena kuti ichi n'chaching'ono, ndidzachiona ndikapeza nthawi. Iyeyo anakhala ndi bowo lalikulu losatseka chifukwa chokhulupirira dzina.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kernel ikagwa chifukwa cha paketi yochokera kunja, nthawi zambiri ndiye kuti yalemba kapena yawerenga pamalo olakwika mu memory. Kaya zimenezo zithera pa kugwa kokha kapena pa kulandidwa kwa makina, zimadalira luso ndi khama la amene akufufuzayo. Olemba chigamba amalemba dzina molingana ndi zomwe atsimikiza tsiku limenelo, osati zonse zomwe wina angadzatulukire mawa. Ndipo ngakhale zitathera pa kugwa kokha, kumbukirani kuti makina anuwo ndi firewall. Akagwa, ofesi yonse ilibe intaneti. Ngati munthu wakunja angawagwetse nthawi iliyonse yomwe wafuna, kwa ine imeneyo ndi nkhani ya chitetezo kale, kaya patsamba alemba zotani.

Komanso syspatch yomweyo siyikupatsani mwayi wosankha. Zigamba zili ndi manambala, 001, 002, 003, ndipo imaziika motsatana zonse zomwe zikukhudza makina anu. A OpenBSD anachita dala, chifukwa chigamba cha m'tsogolo chimamangidwa pamwamba pa cha m'mbuyo. Mantha anu oti china chake chionongeka ndikuwamvetsa, koma zigamba za errata n'zazing'ono, zambiri ndi mizere yochepa chabe, sizibweretsa zinthu zatsopano, zimangokonza pomwe palakwika. Chikavuta, syspatch -r imachotsa chomwe mwaika pomaliza, syspatch -R imachotsa zonse, poti mafayilo akale imawasunga mu /var/syspatch. syspatch -l imakuonetsani zomwe zilimo kale. Chida chimenechi chilipo kuyambira pa 6.1 mu 2017. Kale anthu ankatenga source n'kumanga okha, ndipo ntchito yomwe inkadya tsiku lathunthu lero ndi ya mphindi zochepa.

Ndikudziwa kuti ena pagulu pano anena kuti OpenBSD ndi yolimba, musadandaule. N'zoona, ndi yolimba, n'chifukwa chake inenso ndimaikonda. Mu Julayi 2024 pomwe cholakwika cha OpenSSH chotchedwa regreSSHion chinasowetsa tulo anthu a Linux, OpenBSD sinakhudzidwe, chifukwa cha njira yotetezeka yolembera ma log yomwe anaika kalekale mu 2001. Koma mu Disembala 2019 akatswiri a kampani ya Qualys anapezamo zolakwika zingapo m'njira yotsimikizira anthu polowa, moti dzina lolowera loyamba ndi kamzere linkatha kupusitsa mapulogalamu ngati smtpd, ldapd ndi radiusd. Zigamba zinatuluka pasanathe maola 40, chinthu choyamikirika ndithu. Koma zinatulukira 6.5 ndi 6.6 zokha. Amene anali pa 6.4 liwiro lonselo silinawathandize. Ndipo poti zonse zili poyera, chigamba chikatuluka aliyense amatha kuwerenga mizere yomwe yasinthidwa n'kudziwa pomwe panali bowo. Kuyambira tsiku limenelo, makina osaikidwa chigamba amakhala pangozi yoposa dzulo lake.

Nanga muchite chiyani? Njira zilipo ziwiri, ndipo ndikuuzani yomwe ndingasankhe ine.

Yoyamba ndi sysupgrade. Imatsitsa mtundu wotsatira, kutsimikizira ndi signify kuti mafayilowo ndi enieni, kuzimitsa makina n'kuyatsanso, n'kumaliza yokha. Koma njira yomwe eni ake amavomereza ndi kukwera sitepe imodzi imodzi: 7.4 kupita 7.5, kenako 7.6, kenako 7.7, mpaka mufike pa yatsopano. Pa sitepe iliyonse muwerenge tsamba la malangizo okwezera mtundu umenewo, chifukwa m'menemo ndi momwe amanena zomwe zasintha m'mafayilo a makonzedwe, ndipo mukamaliza muyendetse sysmerge, syspatch ndi pkg_add -u. Vuto lake n'loti sitepe iliyonse ndi ma megabayiti mazana angapo, ndipo ngati intaneti yanu ndi ya bandulo mudzaimva m'thumba. Komanso ma seva ambiri otsitsirako amachotsa mitundu yakale, ndiye mwina mudzafunika kusintha adiresi ya mu /etc/installurl kuti muloze ku seva yomwe ikusungabe 7.5. Onaninso ndi df -h kuti mu /usr ndi mu /home muli malo, poti sysupgrade imaika zomwe yatsitsa mu /home/_sysupgrade.

Yachiwiri, yomwe ndingachite ine, ndi kuika mwatsopano mtundu womalizira kutuluka pa disiki ina. Firewall ilibe katundu wambiri. Moyo wake wonse uli m'mafayilo ochepa: /etc/pf.conf momwe muli malamulo a firewall, mafayilo a /etc/hostname a khadi lililonse la netiweki, /etc/mygate ngati ilipo, /etc/sysctl.conf momwe muli mzere wolola mapaketi kudutsa, /etc/rc.conf.local, /etc/dhcpd.conf, ndi za unbound kapena WireGuard ngati mnzanu uja anaziika. Koperani /etc yonse ndi /var/unbound/etc pa flash, lembani pkg_info -m kuti muone mapulogalamu omwe iye anaonjezera ndi manja, chotsani disiki yakaleyo muisunge m'kabati, ikani ina, n'kuyamba. Zikakanika, mubwezeretsa disiki yakale ndipo ofesi ibwerera mmene inalili. Mutsitsa kamodzi kokha, ndipo phindu lina lalikulu n'loti mudzawadziwa makina anu. Panopa mukuyang'anira chinthu chomwe anamanga wina, ndipo ndikuganiza kuti mantha anu ambiri akuchokera pamenepo. Mukabwezera pf.conf, musanaiyatse iyeseni ndi pfctl -nf /etc/pf.conf, yomwe imangowerenga malamulo n'kukuuzani ngati pali mzere wolakwika. Muwerengenso lamulo lililonse n'kudzifunsa kuti linaikidwiranji. Makina osiyidwa ndi munthu wina kawirikawiri amakhala ndi khomo lomwe anadzitsegulira kuti azilowa ali kunyumba. Makiyi ake mu authorized_keys ndi akaunti yake musazisamutsire ku disiki yatsopano.

Kaya musankha njira iti, za magetsi musazitenge mopepuka. Ine zinandichitikirapo pa ofesi ina yomwe ndinkathandiza: magetsi anazima kukweza kuli pakati, ndipo makina atayaka anaima pa fsck, pulogalamu yofufuza disiki, kudikira munthu woti ayankhe pa kiyibodi, pomwe ine ndinali kutali ndikudalira SSH. Anthu anakhala opanda intaneti mpaka m'mawa mwake. Kuyambira pamenepo sindikweza firewall ndili patali, ndipo sindiyamba popanda UPS kapena inveta yomwe batire lake ladzaza. Sankhani Loweruka kapena madzulo anthu ataweruka, mukhale pafupi ndi makinawo, monita ndi kiyibodi zili zolumikiza. Tsamba la malangizo lija mulisunge mufoni pasadakhale, chifukwa firewall ikazima ndiye kuti intaneti yowerengera mulibenso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, achimwene, ntchito imeneyi siifuna phuma.

Mukafika pa mtundu wosamalidwa, zotsala n'zopepuka. Ikani mzere wa syspatch -c mu /etc/daily.local kuti usiku uliwonse makina azifufuza okha ndipo zotsatira zizibwera mu kalata ya root, koma muonetsetse kuti kalatayo ikufika kwa munthu amene amaiwerenga, poika adiresi yanu mu /etc/mail/aliases. Chigamba chikakhala cha kernel, syspatch imalumikizanso kernel yatsopano ndipo imakuuzani kuti muzimitse n'kuyatsanso. Muchitedi zimenezo tsiku lomwelo. Ndaonapo anthu akuika chigamba n'kusiya makina akuyenda miyezi ndi kernel yakale, akunyadira kuti sanazimepo, pomwe bowo likadali pompo. Chikakhala cha pulogalamu ngati sshd kapena unbound, rcctl restart ndi dzina la pulogalamuyo zimakwanira, ndipo chikakhala cha library yomwe mapulogalamu ambiri amaigwiritsa ntchito, kuyatsanso makina onse ndiye njira yachidule. Kanthu kena kakang'ono: makina akangoyaka, OpenBSD imakhala ikusanja kernel ina mwachisawawa yoti idzayake nayo ulendo wotsatira, ndipo syspatch imakana kugwira ntchito zimenezi zili mkati. Ikakukanani musadabwe, dikirani mphindi ziwiri muyesenso.

Dziwaninso kuti syspatch imasamala za OpenBSD yeniyeniyo basi. Mapulogalamu oonjezera ndi a pkg_add -u, ndipo firmware, kuphatikizapo microcode ya purosesa, ndi ya fw_update. Zokonza za mapulogalamu oonjezerawa zimatulukira mtundu womalizira wokha, choncho ngati muli nawo ambiri, kukhala pa mtundu wakale mwa iwiri yosamalidwa ija sikokwanira. Ine ndinalemba pakalendala Meyi ndi Novembala, ndimasiya milungu ingapo mtundu watsopano utatuluka, kenako ndimakweza. Sitepe imodzi pa miyezi isanu ndi umodzi imanditengera nthawi yosakwana ola.

Musanayambe, tumizani pano zomwe zikutuluka mukalemba uname -a, df -h, pkg_info -m ndi rcctl ls on, tione limodzi zomwe mnzanu uja anasiya zikuyenda. pf.conf musaiike pagulu momwe ilili. Fufutani kaye ma adiresi a IP akunja ndi chilichonse chooneka ngati kiyi kapena mawu achinsinsi, ndiye tidzaiwerenge mzere ndi mzere Loweruka lisanafike.