Nyenyezi ya mchira sithamanga

Mphunzitsi wina wa ku Bembeke wanditumizira imelo. Akuti usiku wina anaona nyenyezi itadutsa mwaliwiro, kusiya kamzere kowala, kenako n'kuzima. Akufunsa ngati imeneyi ndiye nyenyezi ya mchira, komanso ngati ayenera kugula telesikopu.

Aphunzitsi, chimene munaonacho si nyenyezi ya mchira ayi. Ndi kamwala, nthawi zambiri kochepa ngati njere ya mapira, kamene kanalowa mumpweya wozungulira dziko lathu n'kupsa. Nyenyezi ya mchira sithamanga choncho. Imaoneka ngati kamtambo kotuwa kongoima, ndipo mumazindikira kuti yasuntha mawa lake mukaiyerekeza ndi nyenyezi zoyandikana nayo. Ndi chibuma cha madzi oundana, fumbi ndi miyala. Chikayandikira dzuwa chimatentha n'kumatulutsa mpweya ndi fumbi, ndiye mchirawo, ndipo umaloza mbali yosiyana ndi kumene kuli dzuwa.

Telesikopu musagule kaye. Imaonetsa kachigawo kochepa ka thambo, mchira wautali sukwanamo. Mu October 2024 ine ndinaona nyenyezi ya mchira yotchedwa Tsuchinshan-ATLAS ndi maso anga, kenako ndi ma binoculars (magalasi oonera patali ogwira m'manja) akale obwereka. Ndinaima kunja kwa tauni ya Dedza, kuyang'ana kumadzulo, dzuwa litangolowa. Masiku oyamba inandivuta chifukwa cha utsi wa moto wa tchire komanso mwezi, umene unali wathunthu pa 17. Mwezi utayamba kuchedwa kutuluka, mchira unaoneka bwino, woongoka kulunjika kumwamba. Manja ankanjenjemera mpaka ndinatsamiritsa zigongono padenga la galimoto.

Chofunika kwambiri ndi mdima, ndipo ife kuno tili ndi mwayi. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo magetsi a m'midzi ndi ochepa. Sankhani usiku wopanda mwezi, pitani pabwalo la mpira la sukulu, dikirani mphindi 20 kuti maso azolowere. Foni ikhale m'thumba. Mukangoyang'ana WhatsApp, mwayambiranso. Ngati mukufuna kuunikira, kutirani tochi ndi pulasitiki yofiira. Chinanso, nyenyezi ya mchirayo musaipenyetsetse mwachindunji, yang'anani pambali pake pang'ono, chifukwa m'mbali mwa diso ndi momwe mumagwira bwino kuwala kofooka. Pulogalamu ya pafoni ya Stellarium, yosonyeza mapu a kumwamba, ikuuzani mbali yoyang'ana, koma muzionere muli m'nyumba musanatuluke. Mu June ndi July kumwamba kumayera pakapanda chiperoni, koma chisanu cha ku Bembeke mukuchidziwa nokha, tengani bulangete.

Komabe kamzere kanu kaja kangakhale ndi ubale ndi nyenyezi ya mchira. Ya Halley, imene inaoneka mu 1986, inasiya fumbi m'njira yake, ndipo dziko limadutsa m'fumbilo kawiri pachaka: kumayambiriro kwa May ndi cha pa 21 October. Mukadzuka m'bandakucha masiku amenewo mudzaona timizere tambiri. Halley mwini wake adzabweranso mu 2061. Ana a Sitandade 5 amene mukuwaphunzitsa lero adzakhala asanakwane zaka 50. Auzeni alembe chakacho pachikuto cha kope.